Lipoti la mphunzitsi wa ku Tete amene anazizidwa mpaka kusokonezeka mutu pa phiri la Domwe

Lipoti ili likufotokoza za bambo wa zaka 36, mphunzitsi wa sukulu ya sekondale mumzinda wa Tete, amene thupi lake linazizira kupyola muyezo pamene tinkakwera phiri la Domwe, m'boma la Angónia, mwezi wa Julayi. Ine ndine namwino pa chipatala china chaching'ono cha m'boma lomweli, ndipo ndinapita nawo pa ulendowo chifukwa okonza anandipempha kuti ndinyamule chikwama cha chithandizo choyamba. Mwini nkhaniyu wandilola kuilemba malinga ndisamutchule dzina, ndipo sinditchulanso sukulu yake, mudzi umene tinayambira kapena chipatala chimene tinamufikitsa. Chimene chandichititsa kulemba si kukula kwa matendawo, popeza bamboyo anachira msanga, koma n'chakuti zizindikiro zinaonekera kwa nthawi yoposa ola limodzi ine ndikuziona ndi maso anga, ndipo ndinazipatsa dzina la vuto lina.

Malo ndi nyengo

Phiri la Domwe, limene pa mapu a Chipwitikizi limalembedwa kuti Monte Dómuè, ndi lalitali mamita 2,095, ndipo palibe phiri lina m'chigawo cha Tete limene limaliposa. Angoni a Maseko anakhazikika m'dera lozungulira phirili cha m'ma 1870, ndipo mpaka lero mlendo wofuna kukwera amayamba waonekera kwa nyakwawa wa mudzi wa m'tsinde. Mzinda wa Tete, kumene anzathu ambiri a pa ulendowo anachokera, uli m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi pa mamita osakwana 200 kuchokera pa nyanja yaikulu, pamene Ulónguè, likulu la boma lathu, ili pa mamita pafupifupi 1,300. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, kotero kuti wochokera ku Tete akafika pansonga pa Domwe amakhala ataya madigiri 12 kapena 13, mphepo ndi mvula zisanaonjezepo zake. Kwa munthu wokulira m'chigwa cha Zambezi, nyengo yozizira ndi ija imene amagona osayatsa fani, ndipo akamva ife a kumtunda tikunena za chisanu chimene chimawaula masamba a mbatatesi m'madimba amayesa tikukokomeza.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo masiku ena imabwera ndi chiperoni, nkhungu yonyowa yokhala ndi mvula yamawawa, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'chigawo cha Zambézia. Chiperoni sichioneka choopsa chifukwa sichigwa ndi mabingu kapena kudzaza mitsinje, koma chimalowa m'zovala pang'onopang'ono mpaka pakhungu, munthu osadziwa nthawi imene wanyowera. Tsiku la ulendo wathu kunacha bwino m'munsi, koma pamutu pa phiri panali mtambo umene sunkasuntha.

Mbiri ya wodwala ndi mmene ulendo unayambira

Tinalipo anthu 9, kuphatikizapo ine ndi mkulu wa m'mudzi wa zaka zopyola 60 amene nyakwawa anatipatsa kuti atitsogolere. Wodwalayu analibe matenda aakulu odziwika, sankamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo anali wochepa thupi, wamtali, wozolowera kusewera mpira. Madzulo a dzulo lake anamwa mowa ndi anzake pamalo amene anagona ku Ulónguè, anagona mochedwa, ndipo m'mawa anangomwa tiyi, mkate anaukana kuti m'mimba simunali bwino. Anavala thalauza ya jinzi, sikipa ya thonje, kajekete kopyapyala kamasewera ndi nsapato zansalu. Analibe chipewa, ndipo m'chikwama chake munali botolo la madzi ndi foni basi.

Tinapangana kuyamba kukwera 6 koloko m'mawa, koma chapa, minibasi imene tinachita hayala, inaphulika tayala panjira, ndipo tinayamba cha m'ma 9 koloko. Cholakwa changa choyamba chinachitika pomwepo. Ndinatsegula chikwama changa n'kuwerenga mabandeji ndi mankhwala a ululu, poganizira za kubinya mwendo ndi kutemeka, koma sindinapemphe aliyense kuti andionetse zovala zimene wanyamula kapena chakudya chimene wadya. Wotitsogolera uja anali atavala chikhoti chakale chofika m'mawondo, chipewa chaubweya ndi jombo, ndipo kukhwapa anapanira matumba awiri a feteleza opanda kanthu, opindidwa bwino, pamodzi ndi kamtolo ka mbatata zowotcha. Anyamata a ku Tete anamuseka kuti wavala ngati akupita kumaliro a usiku. Iye sanakwiye, anangoloza kumwamba n'kunena kuti, "Ana anga, mtambo uwo si wongodutsa. Tikafika pa thanthwe lalikulu tikauone bwino, ukapanda kuchoka tikabwerere pomwepo."

Maola awiri oyambirira tinadutsa m'minda yokololedwa ndi m'tsekera wouma, dzuwa likuwomba kumsana. Wodwalayu ndiye anali patsogolo, akuyenda mothamanga ngati ali pabwalo la mpira, ndipo pofika 11 koloko sikipa yake inali itanyowa ndi thukuta mpaka kumatirira kumsana. Anavula jekete n'kulimanga m'chiuno. Titapuma kuti tidye, iye anadya nthochi imodzi yokha.

Kusintha kwa nyengo ndi zizindikiro zoyamba

Tinafika pa thanthwe lija dzuwa lili pamutu, ndipo nkhungu inatikumana pomwepo. Wotitsogolera anati tibwerere. Gulu linakana, ponena kuti achokera kutali, alipira galimoto, ndipo nsonga yatsala pang'ono. Ine ndinali ndi mphamvu yoti n'kanathetsa mkanganowo, popeza onse ankanditcha adokotala ndipo akanandimvera, koma ndinakhala chete chifukwa nanenso ndinkafuna kufika pamwamba. Mkuluyo anandiyang'ana kanthawi, kenako anakoka chipewa chake kuphimba makutu n'kutsogola.

Kumtunda kwa thanthwelo mitengo imachepa, pamatsala udzu waufupi ndi miyala, ndipo mphepo sipeza choitchinga. Inkaomba mwamphamvu moti polankhula tinkachita kufuula, ndipo mawawa ankabwera chopingasa, osati chochokera kumwamba. Ndinalibe chida choyezera kuzizira kwa mpweya, koma madzi sanaundane paliponse, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira, chifukwa ambiri amaganiza kuti munthu sangafe ndi kuzizira pamalo pamene madzi sakuundana. Mpweya ukakhala pa madigiri 5 ndipo mphepo ikuthamanga makilomita 40 pa ola, khungu limataya kutentha ngati kuti kunja kuli pafupifupi digiri imodzi pansi pa ziro. Madzi nawo amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi 25 poyerekeza ndi mpweya, ndipo nsalu ya thonje ikanyowa imasunga madziwo pakhungu m'malo mosunga kutentha. Jinzi yonyowa pamphepo imagwira ntchito yofanana ndi ya chiguduli chonyowa chimene amayi amakulungira mtsuko kuti madzi azizire.

Cha m'ma 1 koloko, munthu amene anali patsogolo m'mawa wonse anayamba kutsalira. Anapunthwa kawiri pamalo opanda chopunthwitsa, ndipo atafuna kutseka zipi ya jekete lake zala zinakanika kugwira kachitsulo kake, mpaka anangolisiya lotsegula. Ankanjenjemera, koma tonse tinkanjenjemera. Mnzake wina anafuula kuti, "Aphunzitsi, mowa wa dzulo uja wayamba kulipira ngongole!" ndipo gulu lonse linaseka. Ine ndinabwerera n'kumufunsa kuti, "Aphunzitsi, muli bwanji?" Anayankha kuti ali bwino, koma mawuwo anatuluka olemera ngati lilime latupa, ndipo sanandiyang'ane kumaso. Ndinamva kafungo ka mowa wa dzulo, ndinavomereza m'mtima zimene mnzake uja ananena, ndinamupatsa madzi ozizira a m'botolo kuti amwe, n'kupitiriza ulendo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Kupunthwa, kulephera kugwira tinthu ting'onoting'ono, kulankhula mokoka mawu ndi kusasamala za iwe mwini ndi zizindikiro zodziwika bwino za thupi lozizira mkati, ndipo ndinaziphunzira kusukulu ya unamwino, koma ndinaziphunzira ngati za makanda obadwa masiku asanakwane ndi za anthu omira m'madzi, osati za bambo wamphamvu woyenda ndi miyendo yake masana.

Tinafika pansonga nthawi itapitirira hafu pasiti 1. Sitinaone chilichonse kupatula nkhungu. Anthu anajambulitsa zithunzi mofulumira, ndipo m'zithunzizo, zimene ndaziyang'ana kambirimbiri chichitikireni izi, wodwalayu waima kumapeto, manja ali lende, jekete lili lotsegula, pamene ena onse afumbata manja m'khwapa. Titangoyamba kutsika anakhala pansi pa udzu wonyowa n'kunena kuti tipite, atipeza. Wotitsogolera ndiye anandigwira mkono nati, "Adokotala, uyu si mowa ayi. Mphepo yamulowa. Mukamusiya agone apa sadzukanso."

Zimene ndinapeza pomuyeza

Tinamunyamula anthu atatu mpaka kuseri kwa mwala waukulu umene unali ndi kaphanga kokwana anthu anayi, kumbali yosaomba mphepo. Nthawi inali itangopitirira 2 koloko. Anali maso, ankadziwa dzina lake ndi la mkazi wake, koma sankadziwa tsiku, ndipo nditamufunsa kumene tili anatchula dzina la sukulu yake. Ankanjenjemera thupi lonse mosalekeza, mano akugundana moti ndinaopa kuti adziluma lilime. Khungu la pamimba ndi pachifuwa, limene mwa munthu wongomva kuzizira wamba limakhalabe lofunda, linali lozizira ngati mwala wa kumtsinje, milomo inali yotuwa ndipo zikhadabo zinali zitada. Kugunda kwa mtima padzanja sikunkamveka bwino chifukwa mitsempha inali itafinyika, choncho ndinawerengera pakhosi ndipo ndinapeza 108 pa mphindi, kosadumphadumpha. Ankapuma ka 24 pa mphindi. Nkhope sinapotoke, manja onse awiri ankafinya mofanana ngakhale mofooka, pamutu panalibe bala, ndipo khosi silinali lolimba.

Choyezera kutentha cha m'khwapa chinaonetsa madigiri 33.8. Nambala imeneyi sindinaikhulupirire kotheratu, chifukwa muyezo wa m'khwapa pamalo ozizira umatsika kuposa kutentha kwenikweni kwa mkati, ndipo zoyezera wamba za m'zipatala zathu siziwerenga pansi pa madigiri 32, zimangolemba kuti Lo. Komabe inagwirizana ndi zimene maso ankaona. Thupi la munthu limayenera kukhala pafupifupi pa madigiri 37, ndipo likatsika pansi pa 35 ndiye kuti lazizira kupyola muyezo. Pakati pa 35 ndi 32 munthu amanjenjemera kwambiri koma amakhala akudziwa zimene zikuchitika; pakati pa 32 ndi 28 mutu umasokonezeka ndipo kunjenjemera kumayamba kuleka; pansi pa 28 ambiri amakomoka ndipo mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe ndi kuima ngakhale chifukwa chongomugwedeza. Wodwala wanga ndinamuika pamalire a gawo loyamba ndi lachiwiri, popeza ankanjenjemerabe mwamphamvu koma nzeru zinali zitayamba kuchoka, ndipo ndinasankha kumusamala ngati ali m'gawo lachiwiri.

Kuyeza shuga kunandivuta. Kachida koyezera kanakana kugwira ntchito chifukwa cha kuzizira mpaka ndinakaika mkati mwa malaya anga kwa mphindi zingapo, ndipo chala cha wodwalayo nditachibaya sichinatuluke magazi. Ndinachifumbata m'dzanja langa, ndikuchiuzira mpweya wa m'kamwa, kenako kadontho kanatuluka. Shuga anali 3.4 mmol/L, wotsika. Zimenezi zinamveka, chifukwa kunjenjemera ndi ntchito ya minofu imene ingachulukitse kutentha kopangidwa ndi thupi mpaka kasanu, koma imadya shuga wambiri, ndipo munthuyu anali atakwera phiri ndi tiyi ndi nthochi imodzi, chiwindi chake chili chotopa kale ndi mowa wa dzulo, umene umalepheretsa chiwindi kupanga shuga watsopano. Malungo a m'bongo ndinawaganiziranso, monga mmene namwino aliyense wa kuno amachitira akaona munthu wosokonezeka mutu ndi wonjenjemera, makamaka wochokera m'chigwa cha Zambezi, koma thupi silinatenthe masiku apitawo ndipo ndinalibe choyezera malungo m'chikwama.

Chithandizo cha paphiri

Choyamba chinali kumulekanitsa ndi nthaka, chifukwa munthu wogona pamwala wozizira amataya kutentha kochuluka kudzera kumsana. Tinakhuthula zikwama zitatu n'kuziyala pansi, pamwamba pake tinaikapo udzu wouma umene wotitsogolera anazula mkati mwa kaphangako. Anthu anayi anaima pakhomo atatambasula kapulana, nsalu ya chitenje, kutchinga mphepo. Sikipa yonyowa ndinaidula ndi sizasi m'malo momuvula, kuti ndisamugwedeze kwambiri, ndipo jinzi tinaikoka pang'onopang'ono iye ali chigonere. Tinamupukuta mosakhula, tinamuveka juzi yanga youma, thalauza youma ya mayi wina amene yekha ananyamula zosinthira, masokosi awiri ndi chipewa cha wotitsogolera. Kenako mkuluyo anang'amba matumba a feteleza aja, limodzi tinalowetsamo miyendo mpaka m'chiuno, linalo tinakulunga chifuwa pamwamba pa chikhoti cha mkuluyo chimene tinamuveka, nkhope yokha ili poyera. Matumba amene anasekedwa m'mawa aja anagwira ntchito ya chofunda chapulasitiki chimene ine ndinayenera kunyamula koma sindinanyamule: anatseka mphepo ndi madzi, n'kusunga mpweya wofunda pafupi ndi thupi.

Panali mafulasiki awiri a tiyi. Wa m'fulasiki imodzi tinamuthira m'mabotolo awiri apulasitiki, tinawakulunga ndi masokosi kuti asawotche khungu, popeza khungu lozizira limapsa msanga ndipo mwini wake samva, n'kuwaika m'khwapa zonse ziwiri. Mnyamata wina wonenepa bwino anagona momukumbatira chakumsana. Tiyi wa m'fulasiki inayo ndinathiramo shuga wambiri, koma ndisanamupatse ndinayamba ndaona ngati angathe kudzutsa mutu yekha ndi kumeza kadontho osatsamwa, chifukwa munthu wosinza akapatsidwa chakumwa chimalowera kumapapo. Anameza bwino. Ndinamumwetsa pang'onopang'ono makapu awiri, kenako anadya mbatata yowotcha imene mkuluyo anaisenda ndi chala n'kumamupatsa tizidutswa ngati mwana.

Pa nthawiyi ndinakangana ndi anzake pa zinthu ziwiri. Mmodzi anatulutsa kabotolo ka kachasu m'thumba la jekete, akulimbikira kuti kamatenthetsa m'chifuwa. Ndinakana mwaukali umene pambuyo pake ndinapepesa. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda a mkati amathamangira kunja, munthu amamva kufunda pamene kutentha kwenikweni kukutayika, ndipo umachepetsanso kunjenjemera ndi kutsitsa shuga. Enanso awiri anayamba kumutikita manja ndi miyendo mwamphamvu, mwa chikondi ndithu, ndipo ndinawaletsa. Magazi a m'manja ndi m'miyendo ya munthu wotere amakhala ozizira kwambiri, ndipo thupi limawatsekera kumeneko dala kuti mtima ndi ubongo zikhale zofunda. Kutikita, kapena kumuimiritsa kuti ayende msanga, kumabweza magazi ozizirawo kumtima nthawi imodzi. Tinayesa kukoleza moto koma machesi anali atanyowa ndipo nkhuni pamtunda umenewo panalibe, choncho tinausiya.

Ndinkamuyeza mphindi 15 zilizonse n'kumalemba pakapepala. Patatha theka la ola shuga anafika 5.6, ndipo anatchula tsiku molondola. Patatha ola limodzi choyezera chinaonetsa 35.2, kunjenjemera kunachepa pamene nzeru zinkabwerera, chimene ndi chizindikiro chabwino, mosiyana ndi kunjenjemera kumene kumaleka munthu akunka nasinza. Anandifunsa kuti thalauza yake ili kuti ndipo n'chifukwa chiyani wavala thumba la feteleza. Anapempha kukodza ndipo anakodza kwambiri, zimene zimachitika chifukwa kuzizira kumakankhira magazi mkati ndipo impso zimachotsa madzi ochuluka, kotero kuti wozizidwa amakhalanso wochepa madzi m'thupi.

Kutsika

Apa panali chisankho chovuta, ndipo sindinganene kuti buku lililonse likanandisankhira. Nthawi inali kuyandikira hafu pasiti 3, ndipo mwezi wa Julayi kuno dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5. Kugona m'kaphangako kukanatanthauza anthu 9 onyowa, opanda moto, usiku wa chisanu, ndipo awiri mwa otchinga mphepo aja anali atayamba kale kulankhula mochepa. Foni sinkagwira. Kumunyamula pa machila pamiyala yoterera kukanafuna anthu 6 amphamvu ndi mitengo imene panalibe. Popeza anali atadya, nzeru zabwerera, ndipo papita nthawi yoposa mphindi 30 ali wofunditsidwa bwino, ndinamukhazika tsonga kwa mphindi zingapo, kenako ndinamuimiritsa ndikugwira pakhosi kumva mtima. Sanachite chizungulire. Tinaboola thumba lija pansi kuti miyendo ituluke, ndipo anayamba kuyenda pakati pa anthu awiri, wotitsogolera ali patsogolo ndi malaya okha, atakana kulandira chikhoti chake. Akanakhala kuti akusokonezekabe kapena wasiya kunjenjemera ali wozizira, sindikanamulola kuponda pansi, ndipo tikanatuma awiri kukaitana anthu a m'mudzi ndi machila ndi mabulangete.

Titatsika kupyola thanthwe lija mphepo inachepa, ndipo titalowa m'mitengo mkuluyo anadula mitengo iwiri n'kupanga machila ndi makapulana, chifukwa miyendo ya wodwalayo inali itayamba kugwedera ndi kutopa. Tinafika m'minda mdima utagwa, tikuunika ndi matochi a mafoni. Mnyamata wa njinga yamoto anadzipereka kuti amuthamangitsire kumsewu, koma ndinakana chifukwa mphepo ya panjinga usiku ikanabweza zonse zimene tinakonza. Tinamulowetsa m'khitchini mwa wotitsogolera, kumene mayi a pakhomopo anamukhazika chapatali pang'ono ndi moto, anamufunditsa bulangete n'kumuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo chapa itafika tinamuika pampando wapakati mawindo ali otseka.

Kuchipatala ndi zotsatira

Tinafika kuchipatala cha m'ma 8 koloko usiku. Kutentha kwa thupi kunali 36.4, mtima 88 pa mphindi, kuthamanga kwa magazi kunali bwino, shuga 6.1, ndipo kuyeza malungo kunaonetsa kuti alibe. M'mapapo munkamveka bwino. Zala za kumapazi zinali ndi dzanzi koma zinali zofiira bwino, zopanda matuza. Sitinamuike dilipi popeza ankamwa yekha, ndipo madzi a dilipi osatenthetsa akanangomuziziritsa. Anagona usiku umodzi kuti timuone, ndipo m'mawa anatuluka akudandaula kuphwanya kwa thupi lonse, kumene ndinakuyembekezera pambuyo pa kunjenjemera kwa maola. Sankakumbukira kufika pansonga, kapena kujambulitsa, kapena kunyamulidwa kupita kuphanga. Chimene ankakumbukira ndi chakuti pamene anakhala pansi paja anamva mtendere waukulu, kuzizira kunali kutasiya kumupweteka, ndipo ankangofuna kuti timusiye agone pang'ono.

Ndemanga za wolemba

Mawu akewa ndi amene amandidetsa nkhawa kuposa manambala onse a pakapepala kanga. Munthu wozizidwa sapempha chithandizo, chifukwa chiwalo choyamba kufooka ndi chomwecho chimene chikanamuuza kuti ali pangozi. Funso lakuti "muli bwanji" limene ndinamufunsa 1 koloko linali lopanda ntchito, ndipo kwathu kuno n'lopanda ntchito kawiri, popeza munthu wamkulu, mphunzitsi, pamaso pa anzake ndi amayi, sangayankhe kuti wagonja. Chimene ndinayenera kuchita ndi kumuuza kuti atseke zipi ndikuona, kapena agunditse chala chachikulu ndi chaching'ono cha dzanja lomwelo, kapena ayende mapazi khumi molunjika, ndiponso kulowetsa dzanja langa pamimba pake. Zonsezi sizitenga mphindi ziwiri ndipo sizifuna chida. Fungo la mowa linanditseka maso, pamene linayenera kundichenjeza, chifukwa amene anamwa dzulo ndiye woyamba kuzizidwa lero. M'zipatala zathu timachitanso chimodzimodzi ndi anthu otoledwa m'mphepete mwa msewu m'mawa wa Juni: timati ndi oledzera, tiwasiye mowa uwathere, osawayeza kutentha kapena shuga.

Sindikuona kuti phirili ndi loopsa mwa ilo lokha. Anthu a m'midzi yozungulira amakwera kukatema nsungwi, kukasaka ndi kukafuna ziweto, ndipo amabwerako. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amanyamuka kusanache, amayenda mosathamanga kuti asatuluke thukuta lambiri, amadya nsima kapena mbatata asananyamuke, ndipo mtambo ukakhala pamutu pa phiri amapita kumunda m'malo mwake. Ife tinayamba mochedwa ndi maola atatu koma sitinasinthe cholinga, ndipo tinalemba munthu wodziwa phiri kuti atitsogolere njira kenako n'kukana kuti atitsogolere pa chisankho. Mlandu wa pa thanthwe uja ndi wanga kuposa wa wina aliyense, chifukwa mkuluyo analibe udindo umene alendo a m'tauni akanauopa, pamene ine ndinali nawo.

Pali chinthu chimodzi chimene mnzanga wa ntchito anatsutsa nditamufotokozera nkhaniyi, ndipo ndikuchilemba chifukwa mfundo yake ndi yomveka. Iye akuti munthu amene wasokonezeka mutu chifukwa cha kuzizira sayenera kuyendetsedwa tsiku lomwelo ngakhale ataoneka kuti wachira, ndipo ndikanatuma anthu kumudzi nthawi yomwe tinalowa m'phanga, 2 koloko, kuti machila akumane nafe pamwamba. Pa kutuma anthu msanga ndikuvomereza kuti ndinachedwa kuganiza, maganizo anga onse anali pa wodwala. Pa kumuyendetsa ndikuonabe kuti kusokonezeka kwake kunachokera mbali yaikulu ku shuga wotsika, umene unakonzeka, ndipo kudikira kukanandipatsa odwala atatu m'malo mwa mmodzi. Sitinagwirizane mpaka pano.

Kuchokera nthawi imeneyo ndaperekeza magulu ena awiri. Madzulo a tsiku loti mawa tikwera, aliyense amayala zovala zake pamphasa ndikuona, ndipo wopanda juzi yaubweya kapena yansalu yosasunga madzi, chipewa, chotchinga mvula ndi zosinthira zokulungidwa m'pulasitiki ndimamutumiza kumsika wa kaunjika ku Ulónguè. Jinzi sindilola. Nthawi yobwerera timapangana tili m'munsi, 12 koloko, kaya tafika pansonga kaya ayi, ndipo ndimanena pamaso pa onse kuti wotitsogolera akati tibwerere ndiye kuti ine ndanena. M'chikwama changa ndinaonjezamo machesi a m'kabotolo kotseka, shuga, choyezera malungo ndi matumba anayi a feteleza ochapidwa bwino.

Wodwalayu ndinalankhula naye pafoni patatha milungu iwiri ndiponso patatha miyezi itatu. Dzanzi la kumapazi linatha mkati mwa mlungu woyamba, sanadwale chifuwa, ndipo anabwerera kuntchito Lolemba lotsatira. Chipewa chaubweya chija anapita nacho ku Tete mosadziwa, ndipo anachitumiza kwa ine kudzera mwa dalaivala wa chapa pamodzi ndi chikhoti chatsopano ndi thumba la shuga, kuti ndikapereke kwa mwini wake. Mkuluyo analandira shuga ndi chipewa, chikhoti anachiyesa n'kunena kuti n'chopepuka kwambiri, cha m'tauni, ndipo anachipereka kwa mdzukulu wake amene amapita kusukulu m'mamawa.